Jombo Imene Ndinaotcha pa Mbaula

Ndinalowa yunivesite nthawi imene Mzuzu unali ukukula mosadikira munthu. Kulikonse kunali milu ya njerwa, mchenga ndi malata atsopano. Ku Msongwe, kumene tinkakatola nkhuni tili ana, anthu anali atayamba kumanga nyumba za mipanda. Bambo anga anali kalipentala ku Zolozolo, ndipo zaka zimenezo mafelemu a zitseko ndi mawindo sankakhalitsa pashedi yawo.

Ine ndinkaphunzira za nkhalango, ndipo m'kalasi mwathu atsikana tinalimo atatu okha. Chaka chachiwiri tinayamba kupita ku Chikangawa kukayeza mitengo ya paini. Ulendo woyamba ndinavala nsapato za nsalu. Kunali mvula yowaza ija yosadziwa kukata. Ndinaterereka kangapo pamatope anyamata akuseka, ndipo pofika kunyumba zala zanga zakuphazi zinali zitayera ngati chinangwa choviika. Bambo anayang'ana mapazi angawo. Loweruka lotsatira anangoti, "Vala, tipite m'tauni."

Pafupi ndi msika waukulu panali sitolo ya bambo wina wachisilamu wochokera ku Mangochi, wandevu za imvi, wolankhula Chichewa chakumwera mosathamanga. Ankagulitsa matenti, zikwama zobereka kumsana ndi jombo zochokera ku Joni. Ogula ake anali alenje, anthu oyeza malo ndi alendo opita kukayenda m'mapiri a ku Nyika. Anatsitsa bokosi pashelefu yapamwamba n'kutulutsa jombo zofiirira zachikopa chokhuthala, zofika pamwamba pa akakolo. Nditaziponda ndinamva ngati phazi langa lagwiridwa ndi manja awiri.

"Chemwali," anatero mwini sitoloyo akulemba papepala, "izi zili ndi galanti ya chaka chathunthu. Soli ikamatuka yokha, kapena ulusi ukaduka, mubwere nazo ndi pepalali, ndikupatsani zina. Koma chinthu chimodzi: musadzaziyanike pamoto. Zikanyowa, ikanimo manyuzipepala, ziume zokha."

"Yewo chomene," anathokoza bambo anga m'Chitumbuka, ndipo pepala lija analipinda bwinobwino n'kukaliika m'Baibulo lawo. Amayi atamva mtengo wa nsapatozo anagwira pakamwa, koma sanatsutse.

Jombozo zinali zabwinodi. Ndinkadutsa nazo pa zitsa, pamiyala ndi pamatope, mapazi ali ouma. Anyamata aja anasiya kuseka, ena n'kumafunsa kumene ndinagula. Ndinkazivala ngakhale masiku a m'kalasi, kuti anthu azione.

Patatha miyezi isanu, tikuwoloka dambo lina ndinatitimira mpaka m'maondo, madzi n'kulowera pamwamba. Linali Lachisanu, ndipo Lolemba tinkayenera kubwereranso kunkhalango. Kunja kunali nkhungu ndi chisanu, dzuwa osaoneka. Ndinaikamo manyuzipepala monga ndinauzidwira, koma pofika Lamlungu masana mkati munali mukadali chinyezi. Makolo anga anali atatsalira kutchalitchi pamsonkhano. Ndinatenga jombo zija n'kuzitsamiritsa pambali pa mbaula, ndikudziuza kuti ndi mphindi zochepa chabe. Kenako ndinapita kuseri kukachapa, mnzanga woyandikana naye nyumba n'kuyamba kundichezetsa pampanda.

Chinandibweza ndi fungo. Jombo yakumanzere inali itagwera pambaula. Chikopa chakutsogolo chinali chitakwinyika n'kuda, soli itayasama ngati pakamwa pa mlamba.

Ndinakhala pansi ndili nayo m'manja. Ndinaganiza za mafelemu onse amene bambo anapala kuti andigulire. Ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka nkhope imanditentha. Ndinapala malo opsawo ndi mpeni, ndinapakapo polishi wambiri, kenako ndinatuluka panja n'kukazipaka matope zonse ziwiri.

Bambo atabwera ndinawaonetsa. "Adada, taonani. Yangomatuka yokha."

"Yokha?"

"Eya. Ndinayamba kuimva Lachisanu ndikuyenda."

Sanaiyang'anitsitse n'komwe. Anali munthu wodziwa thabwa lopsa ndi lovunda ali patali, koma mwana wawo anali atanena, ndipo kwa iwo zinathera pomwepo. Anatsegula Baibulo n'kutulutsa pepala lija.

M'mawa mwake ndinajomba ulendo wa kunkhalango, tinapita kusitolo. Munali anthu angapo. Mwini sitolo anailandira jombo ija, n'kuitembenuza, n'kukanda pang'ono ndi chikhadabo pamene ndinapaka polishi. Kenako anaiyandikitsa kumphuno. Anandiyang'ana kamodzi kokha, mwachidule.

"Chemwali, siinayandikire moto imeneyi?"

"Ayi," ndinatero, maso ali pakauntala.

"Chifukwa guluu wa nsapato izi samatuka wamba. Ndagulitsa zambiri."

Apa bambo anakwiya. Chichewa chawo chinayamba kusakanikirana ndi Chitumbuka, monga ankachitira akapsa mtima. "Mukuti chiyani? Mukuti mwana wanga ndi wabodza? Ine ndamulera ndekha uyu, sanama! Munalemba nokha pepala ili. Kapena galanti yanu ndi ya pakamwa chabe, yokopera anthu?"

Anthu anasiya kuona katundu n'kumationerera. Wina pakhomo anati, "Amatero amalonda, pogulitsa kukoma, pobweza mavuto." Ine ndinangoima pomwepo. Mawu amodzi okha akanathetsa zonsezo, koma sindinawatulutse.

Mwini sitolo anaika jombo ija pambali. Kenako anakoka mpando, anakwerapo n'kutsitsa bokosi lina. "Pepani bambo, musakwiye. Saizi yake ndi yomweyi. Tengani."

Tikutuluka bambo anandigwira paphewa. "Waona? Munthu ukakhala pachoona usamaope." Ndinanyamula bokosilo mpaka kokwerera minibasi ngati ndanyamula mwala.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma bambo sanaisiye. Pashedi yawo pankabwera mafolomani, oyeza malo ndi eni nyumba zatsopano, anthu omwewo ogula jombo zotere. Aliyense ankauzidwa. "Kusitolo ija musamale. Nsapato zodula, miyezi isanu yokha soli pansi. Ndiye ankafuna kunamizira mwana wanga." Tsiku lina ndikuwapatsira tiyi ndinamva bambo wina woyeza malo akuyankha kuti, "Mwandithandiza, ndimati ndikagule mawa. Ndikaona kwina."

Patapita milungu ingapo ndinapita m'tauni kukagula mapepala a kusukulu. Ndinkazemba msewu wa sitolo ija, koma tsikulo ndinakumana ndi mwini wake maso ndi maso pafupi ndi positi ofesi, akuchokera kumzikiti. Pansi pa mkanjo wake woyera panali jombo zanga zoyamba zija. Yakumanzere inali itasokedwa ndi ulusi wokhuthala wa osoka nsapato a mumsika, ndipo polishi atachoka, chipsera cha moto chinkaonekera poyera.

"Chemwali, muli bwanji? Zatsopano zija zikukusungani?"

"Zikundisunga," ndinayankha.

"Chabwino. Moni kwa bambo." Anapitiriza ulendo wake, akutsimphina pang'ono chifukwa zinkamuthina.

Sindinagule mapepala aja. Ndinapita molunjika kushedi. Bambo anali okha, akupala thabwa.

"Adada, jombo ija sinamatuke yokha. Ndinaiotcha pambaula. Ndinapaka polishi kuti musaone."

Anapitiriza kupala kawiri kapena katatu, kenako anaima. Anandifunsa kuti, "Pamene ndinkakalipa muja, iwe unkadziwa?"

"Eya."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anavula epuloni yawo, anasamba m'manja, n'kunena kuti, "Katenge nsapatozo."

Tinafika kusitolo chakumasana. Bambo anavula chipewa pakhomo, chinthu chimene ankachita polowa m'tchalitchi mokha. "Lankhula," anandiuza. Ndinafotokoza zonse, mbaula, mpeni, polishi, matope, ndipo ndinaika jombo zatsopano zija pakauntala.

Mwini sitolo anamwetulira pang'ono. "Ndinadziwa tsiku lomwelo, chemwali. Chikopa chopsa sichibisika fungo. N'chifukwa chake sindinazitumize n'komwe ku Joni, akanangondiseka."

"Nanga munaperekeranji zina?" anafunsa bambo.

"Munali mutanena pamaso pa anthu kuti mwana wanu sanama. Ndikanakanda polishi yense uja, wochita manyazi mukanakhala inu, osalakwa. Inenso ndili ndi ana aakazi." Anakankhira jombo zija kwa ine. "Izi mwavala kale, sindingagulitsenso. Kaphunzireni nazo."

Bambo anapepesa, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. Mwini sitolo ankangoti, "Zatha, zatha." Koma kwa bambo zinali zisanathe. Masabata otsatira anayamba kufunafuna aliyense amene anamuuza nkhani ija, ndipo Loweruka ankanditenga. Tinayenda m'malo omanga nyumba ku Msongwe, tinafika mpaka ku Mzilawaingwe kwa folomani wina. Paliponse mawu anali omwewo: "Zimene ndinakuuzani za sitolo ija zinali zabodza. Nsapato zake n'zolimba. Wolakwa ndi uyu, anaotcha yekha." Ine ndinkaima pambali pawo, nditavala jombo zomwezo chifukwa cha matope a m'njira, amisiri akundiyang'ana ali pamwamba pa makoma. Ena ankaseka, ena ankati, "Ndi ana, adada, akhululukireni." Woyeza malo uja tinamupeza atagula kale kwina.

Jombo zachiwirizo ndinamaliza nazo sukulu n'kuyamba nazo ntchito. Zinatha soli mwachilungamo, ndi kuyenda, ulusi osaduka ngakhale umodzi. Sitolo ija inagwetsedwa pamene ankakulitsa msewu, ndipo ndinamva kuti mwini wake anabwerera kwawo atadwala. Ndinali kunkhalango nthawi imeneyo, sindinatsanzikane naye.