Kuno N'kwa Akuluakulu

Fungo la jekete yositidwa ndi simbi ya makala limandibwezera ku komboni ya Kanyama, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha malata mpaka kumalira okha. Fumbi la miyala imene amayi ankaswa m'mbali mwa msewu linkalowa paliponse, m'tsitsi, m'ndowa ya madzi, ngakhale m'mano. Ndinali mu giredi folo, ndipo agogo aamuna, bambo awo a amayi, ankagona nafe kuseri kwa katani.

Agogo anali munthu wovuta, ndisaname. Ankadandaula za mchere, za wailesi ya aneba, za ife ana. Koma akatchula mng'ono wawo Yelesani, mawu ankatsika. Awiriwa anagwidwa limodzi kwawo ku Katete nthawi yomenyera ufulu. Agogo anatuluka m'ndende khutu limodzi litagontha, Yelesani sanatuluke, ndipo manda ake palibe anawaona. Chaka chimene ndinali mu giredi folocho agogo anatsimikiza kuti asanafe akamuikira nkhata pachipilala cha omenyera ufulu m'tauni, pa tsiku lokumbukira ufuluwo. Amayi anayesa kuwaletsa, kenaka anangowasiya. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhatayo tinaluka tokha, ndi waya wopachikira zovala ndi maluwa ofiira a pampanda wa tchalitchi. Minga inanditemera zala, koma ndinkanyada. Mu minibasi kondakitala anatipanikiza kumbuyo, ndipo agogo anainyamula pamwamba pa mutu ulendo wonse kuti isaphwanyike.

Sindinaonepo malo oyera chotero. Panali matenti, mipando yovekedwa nsalu, bandi ya asilikali ndi magalimoto akuda onyezimira. Pakati pa zonsezi ndi ife panali chingwe, ndipo pachingwepo panaima wapolisi wamng'ono, ndevu zisanamere bwino.

"Ba mudala, bwelelani kumbuyo," anatero. "Kuno ni kwa bakulubakulu."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayang'ana m'matenti muja, ndipo sindinaone ndi mmodzi yemwe wa imvi ngati za agogo. Ndinaganiza kuti wapolisiyo sanawaonetsetse.

"Koma ba agogo ni bakulu kupambana bonse aba," ndinamuuza.

Anthu amene anali pafupi anafa nacho chiseko. Wapolisi nayenso anaseka, nandisisita m'mutu, ndipo kusisita kumeneko kumandiwawabe. Agogo anavula chipewa, nayamba kufotokoza za Yelesani, atapendeketsa mutu kuti khutu labwino limve yankho. Mnyamatayo anali atatembenuka kale, akuchitira sawatcha galimoto ina.

Tinaima padzuwa mpaka mwambo unatha. Amuna onenepa a masuti ankapita mmodzimmodzi kukaika nkhata zazikulu zogula, wina akuwanyamulira, wina akuwajambula. Maluwa athu analefuka. Magalimoto atachoka tinayesanso, koma anatiuza kuti tidikire atsitse matenti. Atatsitsa, anati nthawi yatha.

Agogo sanakangane ndi munthu, iwo amene ankakangana ndi aliyense kunyumba. Anagwada pomwepo m'mphepete mwa ngalande, jekete ili chinyowere ndi thukuta, naika nkhata pansi pa chingwe. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Yelesani, pofika ine m'pano," anatero.

Tikupita kokakwera minibasi ndinacheuka, ndipo ndinaona wosesa akuponya nkhata ija mu wilibala pamodzi ndi mabotolo a madzi. Agogo sanacheuke. Anamwalira mvula ya chaka chomwecho, madzi atasefukira m'Kanyama.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti wapolisi uja analakwitsa masamu, kuti tikanatenga chitupa cha agogo n'kumuonetsa zaka zawo akanatitsegulira. Lero ndili ndi imvi zanga ndi zidzukulu, ndipo ndikudziwa kuti mnyamata uja sanalakwitse kanthu. M'tauni muno ukulu sawerengera zaka. Agogo anga anapita kumanda ali mwana, ndipo inenso sindinakulebe.