Galimoto ya alamu inalibe vuto

Kuyendetsa galimoto ndinaphunzirira pabwalo la mpira ku Chiringa, kumangozungulira, ndiye kubwerera m'mbuyo sindinkatha. Izi sindinamuuze mkazi wanga pomwe tinkabwereka galimoto ya alamu anga patchuthi, ulendo wochokera ku Blantyre mpaka ku Mzuzu kudzera kunyanja. Njira yonse mkazi wanga akati tikhote tigule nsomba, ndinkayankha kuti, "Kutsogoloku n'zotchipa."

Titadutsa Nkhotakota tinakumana ndi lole pamlatho wopapatiza. Dalaivala wake anandiuza ndi dzanja kuti ndibwerere. Ndinazimitsa injini mwakachetechete.

"Yafa," ndinatero.

Mkazi wanga anatsika, n'kumanga chitenje, n'kuyamba kukankha chobwerera pamodzi ndi anthu a m'lolemo, ine ndili phee pachiwongolero.

Mpaka lero amawadandaula achimwene ake kuti anatipatsa dala galimoto yakutha. Ine ndimangogwedeza mutu.