Tsiku Limene Amayi Anathamangitsa Miphika ya Ukwati

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anabwera ndi Asiyatu kunyumba kwathu. Amayi anali namwino wa ku fiyeta, chipinda chochitira maopareshoni, ndipo ife ana tinali titazolowera kuti foni ikalira ankasiya chakudya m'mbale n'kuthamangira kabaza. Anzawo ankawaseka kuti anakwatiwa ndi chipatala.

Mnzawo wapamtima anali amake Fatsani, mayi wa bizinesi ya mpunga mumsika wa pa boma. Anakulira limodzi kuchokera ku pulayimale. Mwana wawo wamkazi atapeza banja, amake Fatsani anapempha kuti zophika za ukwati zichitikire pabwalo pathu, poti panali mpopi ndi mthunzi wa mango. Amayi anavomera mokondwa. Ndikuganiza kuti ankafuna kupepesa chifukwa cha zinkhoswe zambiri zimene anajomba.

Mawa lake kuli ukwati, amayi anatulukira ndi mtsikana wowonda atanyamula kajumbo ka zovala. Fungo lake ndilo linayamba kulowa m'nyumba. Linali fungo la mkodzo wokhalitsa, lomata kukhosi ngati la matumbo a nsomba otayidwa padzuwa. Chitenje chake chinali chonyowa kumbuyo, ntchentche zikumulondola.

"Tadala, uyu ndi Asiyatu wa ku Benga," anatero amayi. "Agona kuchipinda kwako mpaka Lolemba."

Anandifotokozera tili awiri kukhitchini. Asiyatu anavutika nthawi yaitali pobereka kumudzi, mwana n'kufera m'mimba, chikhodzodzo n'kubooka. Kuyambira pamenepo mkodzo unkangotuluka wokha, matenda amene amawatcha fistula. Mwamuna wake anamuthawa. Dokotala wosoka bala lotere ankabwera Lolemba, koma kumalo ogona odikirira odwala anthu anali atamutayira Asiyatu katundu panja chifukwa cha fungolo.

Ndinasanza kuseri kwa bafa. Pogona ndinakanikiza mphuno pazenera, ndikumva pulasitiki imene anayala pansi pa mkeka ikuchita phokoso Asiyatu akamatembenuka. Koma podzuka ndinapeza wakolopa kale, nsanza zake wachapa n'kuziyanika kobisika.

M'mawa umenewo foni inalira, amayi n'kuthamangira kuchipatala. Azimayi ophika anadzaza bwalo, mafuwa anayikidwa, nkhuku zikukazingidwa. Asiyatu sanafune kungokhala ngati mlendo waulesi. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kuyamba kutsuka mbale pampopi.

Amake Fatsani anafika atatchena chitenje cha ukwati. Anaima pakati pa bwalo n'kununkhiza.

"Kwafa chiyani kuno?"

Azimayi anaseka. Kenako amake Fatsani anamuona Asiyatu.

"Iwe! Siya mbalezo! Ukufuna alendo anga adyere m'chimbudzi?"

Analavula malovu pafupi ndi mapazi ake, n'kukankha beseni ndi phazi. Mayi wina anati, mokweza kuti aliyense amve, oterewa amakhala kuti anayenda ndi amuna a eni ali ndi pakati. Asiyatu anaimirira, ndipo mkodzo unatsika m'miyendo mwake n'kupanga kachithaphwi pafumbi. Apo ndiye kunabuka chikhakhali. Wina anatapa phulusa pamoto n'kumuwaza kumapazi monga timachitira ndi zitosi za nkhuku.

Ndinawayang'ana azimayi aja. Anali anthu amene ndinkawapatsa moni nditagwada, ena otsogolera nyimbo kumapemphero. Milomo yawo inali noninoni ndi mafuta a nthutumba zimene ankatola mumphika mobisa, ndipo poseka nyama yotafunatafuna inkaoneka m'kamwa. Mseru unandigwiranso, woposa wa dzulo lake. Ndinagwira Asiyatu padzanja n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Sanalire. Anangoti, "Ndazolowera, mchemwali," ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa misozi.

Amayi anabwera dzuwa lili pamutu, maso ali psuu, zingwe za masiki zitawasiyira mizere m'masaya. Ndisanatsegule pakamwa, amake Fatsani anawachingamira.

"Amake Tadala, mwandichititsa manyazi. Maliro a bambo anga munafika titakwirira kale, ndinakukhululukirani. Lero chipatala chanucho mwachibweretsa mpaka pa ukwati wa mwana wanga? Chotsani munthu uyu."

Amayi anayang'ana phulusa lija ndi mbale zili mbwee m'matope. Anandifunsa ndi maso, ine n'kugwedeza mutu movomereza.

"Amake Fatsani," anatero motsitsa mawu, "manja angawa achokera m'mimba mwa mtsikana wina ngati yemweyu. Ndi manja omwewa amene akhala akukuphikirani chiyambire tili atsikana. Asiyatu ndi mlendo wanga. Miphikayi ndi yanu, nyamulani."

Anainyamuladi, mpunga usanapse, ena pamutu ena pa kabaza, akutukwana njira yonse. Anatsala mayi mmodzi yekha, amake Yusufu, wogulitsa usipa, amene sanaseke nawo. Iwo anangotenga tsache n'kusesa phulusa lija, kenako anavula chitenje chawo chapamwamba n'kukamupatsa Asiyatu.

Ku ukwati sitinapite. Zoimbira zinkamveka mpaka kwathu, ndipo ndinamva amayi akulira m'bafa, atatsegula mpopi kuti tisamve. Amake Fatsani sanawalankhulenso. Tikadutsa pa benchi yawo mumsika, ankatembenukira kukhoma.

Lolemba Asiyatu analowa ku fiyeta, amayi ali pambali pa dokotala kumupatsira zipangizo. Asiyatu anakhala m'chipatala masabata angapo. Mvula itayamba anabwera kudzatiwona atasenza ufa wa kondowole, masaya atadzaza. Amayi anamukhazika pampando wa nsalu wa pabalaza, anamwa tiyi, tinacheza. Ponyamuka anatembenuka, n'kusisita pamene anakhala paja ndi chikhatho. Panali pouma. Anaseka atagwira pakamwa, amayi nawo kuseka mpaka kupukuta maso ndi kolala ya yunifolomu.

Lero nanenso ndine namwino wa ku fiyeta. Ndatsukapo mabala a mphutsi, ndanyamulapo mwendo wowola m'beseni, ndipo pambuyo pake ndimadya bwinobwino. Chimene chimandibwezabe kukhosi ndi munthu wathanzi akamanyogodola wodwala.

Kale ndinkaganiza kuti amayi anapambana tsiku lija. Tsopano ndikudziwa kuti anataya mnzawo amene ankamukonda, ndipo anamusowa mpaka ukalamba wawo. Ntchito imeneyi imadya maubwenzi, ine yandidyeranso angapo. Amene amadandaula kuti sindioneka ndimawapepesa, chifukwa akunena zoona, ndipo ndikapuma ndimawayendera. Koma amene amafuna kuti ndiyambe ndanyansidwa ndi odwala anga kuti tigwirizane, ameneyo sindimuthamangira.