Mchere wa Eneresi

Ndinaganiza zopita ku Gatuma, Kadoma wa leroyu, tsiku lomwe bambo a Eneresi analephera kunyamula khasu. Mgodi wa ku Chakari unali utawachotsa kale ntchito chifukwa cha chifuwa, ndipo tinkakhala pakomboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Hatile, komwe pano mukuti Chegutu. Papulazi amadyetsa wolima, wotsokomola samuwerengera. Ndinati, "Bambo a Eneresi, tikamangoyang'anana chonchi tifa tonse. Ine ndikukafuna ntchito kwa azungu." Iwo anangozolika. Eneresi, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali akuseweretsabe zidole zadothi. Ndinamusiyira mthiko ndi miphika kuti aziphikira bambo ake.

Ntchito ndinaipeza kwa dona wina, yochapa ndi kulera ana. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba, komwe mwana wako kapena mwamuna wako sankaloledwa kupondako. Tsiku lonse kusambitsa ana a eni, wanga osadziwa ngati wasamba. Ndinkalira, sindibisa. Mari, ndiye kuti ndalama za malipiro, ikatuluka ndinkagula shuga ndi sopo n'kupatsira a Jamu, oyendetsa lole ya papulazi pathu, ndipo iwo ankandibweretsera mawu akuti onse ali bwino. Amuna inu! Kwa mwamuna, "ali bwino" ndiye kuti sitinaike maliro.

Chaka chachiwiri mawu anasintha. A Jamu anati mwana wayamba mwano: akamufunsa kanthu amangoti "handizivi", "sindikudziwa" m'Chishona, anzake anawataya, ndipo ndiwo akuphika zopanda mchere tsiku ndi tsiku. Ndinaseka, ndati ndi kukula kumeneko. Ulendo wina a Jamu sanatsike n'komwe m'lole. Anati, "Mayi, mwana uja amupeza kawiri atakhala m'mphepete mwa dzenje la mgodi wakale, miyendo ili lende m'kati. Pitani." Dona anati ndikachoka ndisabwerenso. Ndinavula epuloni yake n'kuisiya pachingwe.

Nditafika ndinatsala pang'ono kumupitirira mwana wanga. Anali atatalika kundifika m'khutu, ataonda, pachifuwa atamangapo nsalu zolimba kubisa mawere. Sanandithamangire. Anagwada patali ngati ndine mlendo. Bambo ake anali pamphasa, kupuma kwawo kukumveka mpaka panja.

Masana anaphika sadza, nsima yakunoyi, ndi nkhwani. Ndinalawa: zii! Ndinatenga chitini cha mchere n'kumupatsa. "Thira." Iye anabweza manja kumbuyo. "Ndati thira, iwe! Ndasiya ntchito chifukwa cha mwano wakowu?" Mtima wanga ndi wapachala, ndinali nditatola kale mthiko. Mwana anati, "Ndimenyeni amayi, ndipheni kumene, koma mchere musandigwiritse."

Mthiko unagwa wokha. Ndinamugwira dzanja mpaka kudambo, kopanda anthu, ndipo kumeneko ndi komwe anaulula. Anatha msinkhu nthawi ya dzinja, ali yekha. Anayesa ndi matenda, sanauze munthu, anang'amba chitenje chakale n'kumaphikabe monga mwa masiku onse. Sabata yomweyo bambo ake analavula magazi koyamba. Kenaka a Nachisale, oyandikana nafe, anamuona akuchapa tinsalu take, ndipo anamukalipira pachitsime pamaso pa amayi onse: "Ukuthira mchere uli kumwezi? Wawadula bambo ako iwe!"

Kwathu ku Nyasalande mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amati odyawo amadwala mdulo, chifuwa chake chosamva mankhwala. Ine ndemwe mwambowo ndinkausunga. Koma kwathu mtsikana amauzidwa zimenezi ndi anamkungwi, m'nyumba, mofatsa, amamuuzanso kuti masikuwo akatha athira mchere bwinobwino. Mwana wanga anangomva theka loopsalo, pachitsime. Kuyambira tsikulo mchere sanaukhudzenso, ndipo bambo ake akatsokomola usiku iye ankaluma bulangete. Anati, "Amayi, ndimaganiza kuti ine ndikafa, abambo achira."

Ndinamuuza kuti si iye, ndinalumbira, koma maso ake sanandikhulupirire. Ndinaona kuti mawu anga sakwanira. Nkhani zotere sauza mwamuna, koma ndinalowa m'nyumba n'kuwauza bambo ake zonse, mwambo undikhululukire. Misozi inatsikira m'makutu mwawo. "Ine ndimayesa wandida chifukwa chomusandutsa wantchito," anatero. "Muitaneni."

Eneresi anagwada pakhomo. Bambo ake anadzuka movutikira n'kutsamira khoma. "Mwana wanga, chifuwa ichi mwini wake ndimamudziwa. Ndi fumbi la miyala ya ku Chakari. Ndinayamba kutsokomola iwe uli kumsana kwa amako. Anzanga onse amene tinkaboola nawo mwala anapita ndi chifuwa chomwechi, ena analibe ndi mwana yemwe. Anawadula ndani?" Anakankhira chitini kwa iye. "Ndatopa ndi ndiwo zozizira. Ndithirire ndi dzanja lako."

Mwana anayang'ana ine, anayang'ana chitini. Anachitenga n'kuchipendeketsa, mchere unakhuthukira m'mbale wambirimbiri. Ndinati nditaye ndiwozo, bambo ake anandiletsa. Anadya zonse, kutsokomola uku akudya, mpaka kupukuta mbale ndi mbamu yomaliza. Apo ndi pomwe Eneresi analira mokweza, kulira kwa mwana, mutu uli pamiyendo panga.

Mawa lake ndinapita kwa a Nachisale. Zomwe ndinawauza sizonenera pano, koma komboni yonse inamva. Kenaka ndinapeza amayi awiri achikulire akwathu, tinamulanga mwana m'nyumba monga ziyenera kukhalira. Pochoka paja ndinkati ndamusiya pakati pa anthu akwathu. Anthu analipodi, chinenero chathu, miyambo yathu, koma aliyense anabwera kuno ndi zidutswa chabe, ndipo zoopseza ndi zomwe zinafika zamphumphu.

Bambo ake anamwalira mvula yotsatira. Ku Gatuma sindinabwererenso, ndinalowa m'munda wa fodya. Eneresi pano ali ndi ana ake, ndipo ndiwo zake zimawawa mchere mpaka lero. Ine ndikakhalapo, palibe amene amayerekeza kudandaula.