Tsiku Limene Ndinasambitsa Asilikali

Nditachoka ku South Bend, kumene ndinafikira nditangobwera kuno ku America, ndinapeza ntchito ku Indianapolis yosamalira bambo ena okalamba kunyumba kwawo, chakufupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto la Speedway. Anali mzungu, akazi awo anali atamwalira, ndipo anali atayamba kuiwalaiwala. Ine ndinkawaitana kuti Agogo. Iwo dzina langa linawakanika, ndiye ankangonditchula kuti Sajeni.

Patebulo lodyera panali mapu aakulu, ndipo pamapupo panaima tiasilikali tachitsulo, tina tovala zabuluu, tina zotuwa, tina tili pa akavalo. Ine ndinkayesa kuti ndi zidole zimene adzukulu anasiya. Fumbi linali mbuu.

Sabata yachiwiri mwana wawo wamkazi anaimba foni kuti abusa a mpingo wawo abwera masana. Kwathu abusa sitiwalandirira m'nyumba yosalongosoka. Agogo atapita kukagonako pang'ono, ndinatola tiasilikali tonse, n'kutitsuka m'beseni ndi sopo, n'kutipukuta kamodzikamodzi, n'kutiika m'chitini cha mabisiketi. Mapu ndinapinda. Ndinayala nsalu yoyera n'kuikapo makapu a tiyi, ndikuimba chamumtima, ndikudziona ngati wantchito wokhulupirika.

Atadzuka anaima pakhomo la chipinda chodyera.

"Sajeni, anyamata anga ali kuti?"

"Ndawasambitsa, Agogo. Ali m'chitinimu, onse ali bwino."

"Anatsala ndi masiku awiri kuti afike pamlatho," anatero motsitsa mawu. "Kapena atatu. Kodi lero ndi lachingati?"

Sanakalipe. Anakakhala pampando wawo pabalaza. Abusa anabwera, anamwa tiyi, anapemphera, anapita, Agogo ali duu. Chakudya chamasana anakana, chamadzulo anakananso.

Mwana wawo ndiye anandifotokozera. Anati agogo aamuna a bambo akewo anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya dziko lino, ija inathetsa ukapolo. Anachoka ku Indiana kulowera kummwera, ndipo panjira ankalembera mayi awo makalata. Mmawa uliwonse Agogo ankasuntha tiasilikali ulendo wa tsiku limodzi, motsatira makalatawo. Maso atafooka analeka kuwerenga, koma akayang'ana patebulo ankadziwa pamene afika, ndipo potero ankasiyanitsa dzulo ndi lero. Mwanayo anati akuopa kuti ulusi umenewu ukaduka, bambo ake sadzaulumikizanso.

Ndinaimbira asisi ena a gulu lathu la mapemphero ku South Bend, amene anandiphunzitsa ntchitoyi.

"Inu amayi inu, mwakilinanso chiyani? Kuno chinthu cha nkhalamba sugwira usanafunse, olo chikhale chitsononkho. Mawa mukapepese ngati mwana woleredwa, zinazo timusiyire Ambuye."

Kutacha ndinatenga chitini chija n'kukagwada patsogolo pa mpando wawo.

"Wagwetsa chiyani pansipo, Sajeni?"

"Kwathu tikalakwira wamkulu timatere, Agogo. Mundikhululukire."

Anandiyang'anitsitsa. "Dzuka. Mawondo amenewo udzawafuna ukadzafika msinkhu wangawu." Kenaka anafunsa, "Umatha kuwerenga zolemba za anthu akale?"

Tinayalanso mapu. Makalata anali m'kabati, ndipo tinayambira pa yoyamba. Ndinawerenga mododoma kuti gulu la agogo awo aja linatsika ndi sitima yapamtsinje, kenaka linayenda pansi mvula ikugwa, ngolo za chakudya zikutitimira m'matope. Apakavalo anatsogola kukazonda njira. Adani awo, otuwa aja, ankasonkhana pa mphambano ya njanji. Poyamba Agogo ankangomvetsera. Ndili pakati pa kalata yachitatu, ndinaona dzanja lawo likulowa m'chitini. Ine nditaika gulu lina pafupi ndi msewu, anandimenya kadzanja.

"Awo akadali kuseri kwa phiri. Usawathamangitse, alibe nsapato."

M'Malemba muli ndime zimene ndinkadumpha kuyambira ndili mtsikana, zongotchula malo amene ana a Israeli ananyamuka ndi malo amene anamanga misasa m'chipululu. Ndinkati mulibe chakudya cha mzimu mmenemo. Mmawa umenewo ndinamvetsa kuti Mulungu sadikira munthu pa tsiku la nkhondo lokha. Amayenda naye m'matope, ndipo amasunga dzina la malo alionse amene anagonapo.

Tsiku lotsatira tinafika pa kalata ina yonena kuti anadutsa nyumba zimene moto unali ukuyakabe, koma anthu mulibe. Ine ndinakulira ku Mwanza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ife za kayendedwe ka asilikali sitinkazionera pamapu. Tinkadziwa kuti asuntha tikaona amayi akutulukira m'tinjira ta m'malire, mphika pamutu, mwana kumsana, osayang'ana m'mbuyo. Ndinawauza Agogo zimenezi, n'kufunsa kuti, "Nanga eni nyumbazo ali pati patebulo pano?"

Anati sanawaganizirepo. Ndinapita kukhitchini n'kubwera ndi nyemba zodzaza dzanja, ndipo ndinazindanditsa mumsewu kutsogolo kwa akavalo.

"Kwanuko ankathawira kuti?"

"Kutchalitchi, Agogo. Tinkawayalira mphasa pakati pa mabenchi."

Anatenga kabotolo ka mchere n'kukaimika patsidya pa mtsinje, kutali ndi magulu onse awiri. Kenaka, ndi chala chawo, anayamba kukankhira nyembazo kumeneko, imodziimodzi. Ndinafuna kuwathandiza koma anakana.

"Iwe kaphike phala," anatero. "Asilikali aima kaye lero mpaka anthu awa awoloke."

Ndinaphika, ndipo anadya mbale yonse ali patebulo pomwepo, supuni kudzanja lamanzere.