Maperesenti a mu Febuluwale

Mayi ena anabwera sabata yoyamba ya Seputembala, ine ndikupukuta bolodi ana ali kunja. Anagwada pakhomo la kalasi, ndinawauza kuti adzuke, pansi pali fumbi. Mwana wawo wamkazi anali atangolowa m'kalasi mwanga, Sitandade 7. Anali atabwerezapo kale kamodzi, chaka chimene bambo ake anamwalira.

"Amadamu, ndati mudziwiretu," anatero mayiwo. "Atsibweni ake anena kuti chaka chino akapanda kupita mu 8, basi, sukulu yathera pomwepo. Akuti wakula, sangamakhale pabenchi limodzi ndi tiana."

Ine ndinaseka. Mtsikanayo ndinkamudziwa kuyambira ali wamng'ono, anali ndi mutu. Masamu akamva kamodzi anali amva. "Mayi, pitani mukagone tulo," ndinatero. "Ameneyu mundisiyire ine." Pakamwa pangapa pamafulumira, ndimadziwa, ndipo tsiku limenelo panafulumira kwambiri.

Ndaphunzitsa kuno kufupi ndi Wimbe zaka zoposa makumi awiri, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira sichinali m'buku lililonse la ku koleji. Kuno kalasi imadzaza kuyambira Seputembala mpaka Khirisimasi. Ikafika Febuluwale fodya wakhwima, ndipo tsamba silidikira munthu. Ana amathyola m'mawa, masana n'kukhala m'chigafa kusoka masamba ndi kuwapachika pamikangala kuti aume. Mabenchi amatsala okhaokha. Obwerawo amabwera manja ali bii ndi utomoni wa fodya, n'kumasinza ine ndikuyankhula. Kukalipa ndinakalipa, komiti ya sukulu inaitanitsa makolo kangapo, koma fodya ankakhwimabe mwezi wake womwewo.

Choncho ndinali ndi kachitidwe kanga. Zovuta zonse za masamu, mafulakishoni, maperesenti, kugawa manambala aataliatali, ndinkaziphunzitsa teremu yoyamba ana onse alipo. Zopepuka, monga kuwerenga nthawi ndi maonekedwe a zinthu, ndinkazisungira mwezi wa fodya, chifukwa mwana akaphonya zimenezo amazitolera m'masiku awiri. Silabasi ndinkaimaliza yonse, kungoti ndinkaisokoneza dala. Agogo ena amene ndinawapeza akuphunzitsa pano ndiwo anandionetsa zimenezi, ndipo palibe amene ankatifunsa.

Chaka chimodzi mayi aja asanabwere, kunabwera mayeso amodzi a zoni yonse. Masukulu onse azilemba pepala limodzi, tsiku limodzi, kumapeto kwa teremu iliyonse. Tinapatsidwa sikimu imodzi yonena kuti sabata yakuti uphunzitse chakuti, ndipo mafunso azichokera pa zimene sikimuyo yanena kuti zaphunzitsidwa. Mapepala tizisinthana, ine ndichonge a sukulu ina, anga achonge ena. Kupita kalasi yapatsogolo kuziyendera malikisi a mayeso amenewa, osati maganizo a mphunzitsi. Ndisaname, chifukwa chake chinalipo. Ena mwa ife ankakweza ana osatha ngakhale kulemba dzina lawo, kungofuna kuti achoke pamaso pawo. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga, ndipo zinkandinyansa.

Koma amene analemba sikimuyo sanasokepo fodya. Maperesenti ndi mafulakishoni ovuta anawaika pakati penipeni pa teremu yachiwiri. Chaka choyambacho ndinaiyang'ana sikimu, ndinati asa, n'kuiponya m'kabati. Ndinapitiriza zanga.

Mayeso a Disembala anabwera odzaza ndi mawotchi ndi makona, zinthu zimene ine ndinali nditasungira Febuluwale. Ana anga, amene ankatha kukuwerengera maperesenti pamtima, anangoti kakasi. Zotsatira anazimata pakhoma ku likulu la zoni, sukulu iliyonse ndi kalasi yake, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Ine ndinali pansi penipeni, pomwe pepala limayamba kupindika. Pamsonkhano alangizi a zoni, munthu woti ndinamuona akuyamba ntchito, anandiimiritsa pamaso pa anzanga.

"Amadamu, tatiuzani, teremu yonseyi mumaphunzitsa chiyani?"

Ndinafotokoza za fodya. Ndinafotokoza bwinobwino, kenaka ndinapsa mtima, mawu anakwera. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena mofatsa kuti sitingakonze sikimu ya zoni yonse potengera ana ojomba, kujombako ndiko tiyenera kuthetsa. Anthu anawomba m'manja. Kumbuyo mtsikana wina wongochoka kumene ku koleji anaseka, ndinamumva. Ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba misozi ikulengeza, mayi wamkulu ngati ine. Kumapeto kwa chaka ana anga anakhoza bwino ndithu, koma zimenezo palibe anaimirira kuti azinene. Chimene anthu ankakumbukira ndi khoma la Disembala.

Ndiye pamene mayi aja ankagwada pakhomo panga, sikimu inali itatuluka m'kabati, ili patebulo. Ndinali nditatopa. Ndinadziuza kuti zaka zatsala zochepa kuti ndipume, ndilimbanirenji ndi anthu? Akufuna mawotchi mu Okutobala, ndiwapatsa mawotchi. Ndinkadziwa kuti ndikhoza kuba masabata awiri mu Novembala, ndiphunzitse maperesenti mwakachetechete, m'kaundula n'kulemba zina. Ndinaganizapo kangapo. Koma ahedi ankasaina sikimu Lachisanu lililonse, alangizi ankatulukira osanena, ndipo ine khoma lija ndinkaliopa ngati mwana woopa jakisoni. Sindinabe tsiku ngakhale limodzi.

Disembala imeneyo tinakwera mpaka pafupi ndi pamwamba. Alangizi anandigwira chanza pagulu, akuti mwaona amadamu, zimatheka. Mwana wa mayi aja anali woyamba m'kalasi. Ndinakondwa, ndisabise.

Febuluwale inafika. Lolemba limene ndinalemba mutu wa maperesenti pabolodi, malo a mtsikanayo anali opanda munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Anabwera Lachinayi, manja ali bii, n'kukopera zapabolodi mwachangu osamvetsa, kenaka anasowanso sabata yathunthu. Mayi ake analibe wina wowathandiza. Ang'ono ake anali tiana, ndipo mvula inali yambiri chaka chimenecho, masamba akachedwa kuthyoledwa ankaola m'munda.

Loweruka lina ndinapalasa njinga mpaka kwawo, buku lili m'chikwama. Ndinawapeza m'chigafa awiriwiri, mulu wa masamba uli pakati pawo, fungo lake lochititsa chizungulire. Ndinapita ndi mkwiyo, nditakonzeka kuwakalipira mayiwo. Nditawaona mmene anawondera, mkwiyo uja unatha. Ndinakhala pachitsa, ndinayamba kufotokoza maperesenti, mtsikanayo akusoka. Ankayankha kuti eya madamu, eya madamu, singano ikulowa ndi kutuluka m'mapesi a masamba, maso ali pafodya. Sakanatha kugwira pensulo, manja anali omata. Patapita ola limodzi mayi ake anati, "Amadamu, mwavutika, Mulungu akudalitseni," ndipo ndinamva kuti ndikuwachedwetsa. Ndinasiya buku pamtanda wa chigafa. Sindinabwererekonso. Ndinkati ndipita Loweruka linalo, koma kunagwa maliro, kenaka msana unandivuta, kenaka mayeso anafika.

Teremu yachiwiri mtsikanayo analephera masamu moipa. Teremu yachitatu anabwerera, fodya atauma, koma sikimu inali itapita kutsogolo ndipo zatsopanozo zinkaimira pa zimene anaphonya. Ndinkamutsalitsa ena akaweruka, iye ndi anzake angapo, koma inali nthawi yosankha fodya ndi kumanga mabelo, ankakhala pang'ono n'kupempha kuti apite. Anayesetsa, mwana uja anayesetsa. Mapepala a Julayi anakachongedwa kusukulu ina. Atabwera, ataphatikiza materemu onse, anaperewera malikisi atatu.

Ndinalowa muofesi ya ahedi osagogoda. "Ahedi, atatu okha! Mwana uyu mukumudziwa. Amaposa theka la amene akupita mu 8."

Ahedi anavula magalasi, anapukuta kumaso. Nawonso anali otopa, si munthu woipa. "Mayi, mndandanda wapita kale ku zoni. Ndikamukweza uyu, mawa makolo makumi awiri ali pakhomo pano. Si inu nomwe munkadandaula kuti timakweza ana mwachisawawa?"

Ndinali ine ndithu. Ndinatuluka osatseka chitseko.

Ndinapita kwa atsibweni ake. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anamvetsera zonse. Kenaka anati, "Aphunzitsi, ife tinanena poyera chaka chisanayambe. Mayeso ndi anu, si ife tinachonga." Ndinati abwereze chaka chimodzi chokha, ndimuyang'anira ndekha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga chaka chathachi ankamuyang'anira ndani?" Ndinadzuka n'kutsanzika. Seputembala itafika, dzina lake ndinaliitana masiku atatu, kenaka ndinasiya.

Chaka chimenecho ku zoni anatchula sikimu yanga ngati chitsanzo. Akuti yaukhondo, yosadumpha sabata, aphunzitsi achinyamata abwere adzaone. Anabweradi awiri, anaijambula pafoni. Ndinawapatsa mipando, ndinawayankha mafunso awo, za fodya sindinanene kanthu. Ndinalibenso mphamvu zokangana.

Mtsikana uja ndinakumana naye Febuluwale wotsatira, pamsewu wafumbi wopita kumsika, ngakhale tsikulo linali lamatope. Anali atasenza mtolo wa masamba, atakulunga m'chiguduli. Anatula, anagwada pang'ono, anandipatsa dzanja atagwira pachigongono, kenaka analibweza msanga poona kuti ndi lakuda. Tinafunsana za kunyumba. Anati buku lija akadali nalo, alibweza. Ndinati alisunge.

Ndimati tasiyana, iye anati, "Madamu, ndifunse nawo. Achemwali a mnzanga munawaphunzitsa kale, akuti iwo maperesenti anaphunzira mvula isanagwe, asanawokere n'komwe fodya. Ndi zoona?"

"Ndi zoona," ndinatero.

"Nanga ife bwanji munatiphunzitsa nthawi yothyola?"

Sanafunse mokwiya. Ankangofuna kudziwa, ngati mmene ankafunsira m'kalasi akaona kuti yankho silikugwirizana. Ndikanatha kumuuza za sikimu, za alangizi, za khoma la ku zoni. Zonsezo zinali zoona. Koma ine ndinkadziwa mwezi umene iye sadzakhalapo, ndinkaudziwa kuyambira tsiku limene mayi ake anagwada pakhomo, ndipo choko chinali m'manja mwanga Novembala yense.

"Ndinaopa, mwanawe," ndinatero. "Ndinaopa kundiseka."

Anandiyang'ana ngati akuwerengera pamtima. Kenaka anati, "Chabwino madamu," n'kundipempha kuti ndimusenzetse. Ndinagwira mbali imodzi ya mtolowo, tinaukweza pamutu pake, ndipo unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Utomoni unandimata m'manja. Lolemba lake ndinalemba nawo maperesenti pabolodi usanachoke bwinobwino, mabenchi akumbuyo ali opanda anthu.