Tete Ndinamuyenda Wapansi

Ndinatsimikiza zochoka ku Lifidzi tsiku limene amuna anga, a Fabiyau, anabwera kuchokera ku Tete ali ndi mkazi wina m'kamyau, lole yobiriwira imene ankanyamulira katundu. Ine ndinali nditakhala nawo zaka zambiri, ndikulima kachewere, kukumba, kusankha ndi kusoka matumba amene iwo ankakagulitsa kumzindako pamodzi ndi a anthu ena a m'mudzi. Ndikati nditsagane nawo ankandiyankha kuti, "Ku Tete kumatentha, iwe wa kumapiri ungakomoke. Ndiponso mzinda saonera maso okha, umafuna thumba lolemera."

Mkaziyo anali ndi pakati poonekeratu. Anakhala pakhonde panga, natulutsa telefoni n'kumaonetsa azimayi a m'mudzi zithunzi. Ine ndinkasuzumira kumbuyo kwawo, nkhuni zili pamutu. Ndinaona a Fabiyau atamugwira m'chiuno pamlatho waukulu wa Zambezi, kenako pakhoma lakale lamiyala, pansi pa mlambe, ndiponso akudya nsomba patebulo loyang'ana kumtsinje. Ndinatula nkhunizo, ndinamanga zovala mu kapulana, chitenje changa, n'kukasiya mwana wanga Tereza kwa amayi anga.

"Pirira mwanawe, mitala si maliro," anatero amayi.

"Ndikukakuona kumene kumakomola anthuko," ndinawayankha.

Shapa, minibasi yochokera ku Ulongwe, inatsika nafe mapiri, ndipo juzi limene ndinavala m'mawa ndinalikhalira masana. Nditatsika ku Tete ndinkangoona ngati wina wandifunditsa bulangete lonyowa ndi madzi otentha. Ntchito ndinaipeza pa baraka ina yogulitsa zakudya pafupi ndi msika, ya a Dona Ameliya, Mnyungwe wamawu aakulu. Ndinkasenda kachewere ndi kukazinga, n'kumagona pamphasa m'chipinda cha makala. Chinyungwe ndinkachimva mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri ndinkamva pamene akundiseka. Malipiro anali ochepa. Ambiri ndinkatumiza pa telefoni kwa amayi, a makaderno olembamo kusukulu ndi sopo wa Tereza. Mwanayo akandiimbira funso linali limodzi: "Amayi, mubwera liti?" Ndikadula telefoniyo ndinkasenda mofulumira mpaka kudzicheka.

Lamulungu ndinkapuma, ndipo ndilo linali tsiku langa la mzinda. Ndinkagula pau mmodzi, kabuledi kakang'ono, kudzaza botolo la madzi, n'kuyamba kusaka malo a m'zithunzi zija amodziamodzi. Chopela, kagalimoto ka matayala atatu, kapena njinga yamoto sindinkakwera. Ndinayamba ndi mlatho wakale wopachikidwa pazingwe. Woyenda pansi salipira. Malole akuluakulu akamadutsa, mlathowo umanjenjemera pansi pa mapazi, ndipo tsiku loyamba ndinakakamira chitsulo ngati mwana. Koma ndinaoloka mpaka ku Matundo n'kubwerera. Pakati penipeni ndinapempha mayi wina wogulitsa mtedza kuti andijambule.

Khoma lamiyala lija ndinalipeza m'mphepete mwa mtsinje, linga la Apwitikizi akale. Sindinalowe, ndinangolizungulira pamodzi ndi mbuzi. Tchalitchi chakale ndinachiona, mzikiti ndinauona, ndinatsata ngakhale malole a malasha mpaka fumbi lakuda linandikwana. Mlambe uja ndiwo unandivuta, pakuti ku Tete milambe ndi yambiri ngati mibawa kwathu. Ndinauzindikira ndi bala lalikulu la patsinde, nditayenda mpaka patapata kuduka. Kumalo odyera a matebulo aja ndinangofika pachipata, mlonda n'kundiyang'ana kumapazi. Ndinatsikira kunsi kumene azimayi amachapa, ndinagula nsomba ya pende yokazinga kwa mayi wa pambaula, n'kudyera pamwala. Zambezi anali yemweyo.

Zithunzi zonse ndinkazitumiza ku gulu la pa telefoni la azimayi a kutchalitchi kwathu, popanda mawu alionse. Ndinkadziwa kuti mlongo wa a Fabiyau ali m'gulumo, ndipo pakamwa pake sipagona nkhani. Lero ndikaziyang'ana ndimaona mkazi wowonda, wakuda ndi dzuwa, wosasekerera ngakhale pa chimodzi. Nthawi imeneyo ndinkadziona ngati mfumukazi.

Koma zithunzi sizinandikhutitse. Chimene chinandikhutitsa chinabwera chokha.

A Dona Ameliya ataona kuti kachewere ndimamudziwa, anayamba kundituma kukasankha kumene amaima makamyau a ku Angoniya. Azimayi a mabaraka ena nawo ankanditsata. M'mawa wina ndinaona kamyau yobiriwira ija, a Fabiyau ali pamwamba pa matumba akuitanira ogula. Atandiona analeka kuitanira.

Ndinkadziwa mmene amalongera. Kachewere wamkulu kukamwa kwa thumba, wamkulu kumatako, koma pamimba amathirapo wamng'ono ngati timiyala ndi wotemedwa ndi khasu. Azimayi aja anali atayamba kale kumasula nsonga za makapulana awo.

"Taimani," ndinatero. "Tione kaye pamimba."

A Fabiyau anatsika msanga. "Mayi a Tereza, tiyeni tikambirane pambali."

"Zapambali n'za kumudzi, bambo a Tereza. Kuno n'kumsika."

Ndinatulutsa kampeni kanga kosendera n'kung'amba thumba limodzi pakati. Anakhuthuka ang'onoang'ono ngati mazira a nkhunda, ena atayamba kale kuda. Ndinang'amba lachiwiri, chimodzimodzi. Azimayi aja anakuwa m'Chinyungwe, ndipo tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse. Nkhani inayenda msika wonse dzuwa lisanafike pamutu. Palibe anagula.

Kachewere wa kumapiri sapirira dzuwa la ku Tete. Posakhalitsa pansi pa kamyau panayamba kudontha madzi onunkha, ntchentche zili ng'waa. Ine ndinkazungulira dala m'mawa uliwonse kuti ndidutsepo.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Tereza? Kutenthaku simunakomoke?"

Pomaliza a Fabiyau analipira anthu a ngolo kuti akataye katundu yense kudzala. Ndinaima pamthunzi mpaka ngolo yomaliza inachoka, ndikumwa maheu ozizira. Wina aliyense anene zimene akufuna, maheu okoma ngati amenewo sindinamwenso.

Kumudzi kunayaka moto, pakuti matumba ambiri anali a anthu. Amayi anandiimbira. "Usabwere msanga. Akuti ndiwe mfiti, waolesa thukuta la mudzi wonse." M'gulu la azimayi lija anandichotsamo. Ndinakhala nyengo yonse ya mvula osamva liwu la munthu wa kwathu kupatula amayi ndi Tereza.

Nthawi yokumba itakwananso, a Dona Ameliya ndi anzawo anasonkha n'kubwereka kamyau. Anati ndipite ine kukagula kumunda komwe, popeza a Fabiyau sankaonekanso pamsikapo. Ndinakwera mapiri mtima uli m'mwamba, ndikuyembekeza kutukwanidwa, mwinanso miyala. Kamphepo ka ku Ulongwe katandiwomba ndinalira, osadziwa chifukwa. Tereza ndinamupeza atatalika, akundichitira manyazi ngati mlendo.

Miyala kunalibe. Mawa lake pabwalo la amayi panadzaza anthu omwe aja anandinena ufiti. Wina ndi nkhuku, wina ndi nyemba m'mbale. Mlongo wa a Fabiyau anagwada pakhomo n'kumandiitana kuti "achemwali". Aliyense anali ndi matumba pa njinga kapena pa ngolo. A Fabiyau okha ndiwo anadutsa chapatali, khasu paphewa, mkazi uja atabwerera kwawo ndi khanda lake.

Ndinawakokera amayi kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, za mkazi uja munazidziwa liti?"

Anayang'ana pansi. "Tereza asanayambe kuyenda."

"Inu nokha?"

"Mudzi wonse, mwanawe."

"Ndiye bwanji palibe anandiuza?"

"Nanga kachewere wathu akanapita ndi yani?"

Sananene mwankhanza. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kukuzizira. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana anthu aja ali ndandanda, mano onse pamtunda. Ndinaona kuti ine ndikanachita chilichonse tsiku limenelo, akanandisekererabe monga ankachitira ndi a Fabiyau, malinga kamyau ili pamsewu.

Ndinabwerera pabwalo n'kuwauza kuti ndigula kwa aliyense, koma thumba lililonse ndiling'amba pamimba, mwini wake ataima pomwepo, anthu onse akuona. Mlongo wa a Fabiyau anaseka, enanso n'kuseka, ati ndi bwino, chilungamo n'chomwecho.

Ndinatulutsa kampeni kanga. Ndinayamba ndi thumba la amayi anga.